Hilux, Ranger kapena D-Max: yokokera tirela mpaka ku famu ndi iti?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chelstone. Ali ndi famu cha ku Rufunsa, ndipo akuti akasiya tala ya Great East pamatsala msewu wa dothi umene umadutsa pa dambo. Ali ndi tirela ya ma axle awiri imene amanyamulira feteleza, chimanga, nthawi zina thanki ya madzi, komanso amapita nayo kumudzi ku Petauke. Akufuna vaneti ya dizilo yoti inagwirapo kale ntchito, ndiye akuti: "Nditenge Hilux, Ranger kapena D-Max? Anzanga akuti Land Cruiser basi, mwana wanga naye akundionetsa ma Ram ndi ma F-250 pa foni."

Akulu, yankho langa ndi ili, pa ntchito mwafotokozayi ine ndingatenge Isuzu D-Max ya injini ya malita 3.0 ya 4x4, ndipo ngati thumba likulola ndingatenge Hilux ya 2.8. Koma musanapite kukaona motoka ina iliyonse pitani kaye mukayeze tirela yanuyo itadzaza, chifukwa nambala imeneyo ndi imene idzakusankhireni motoka, osati mikangano ya anthu a Toyota ndi a Ford imene siitha.

Ndiyambe ndi 3,500 kg imene ogulitsa amakonda kutchula. Ranger ya 3.2, D-Max ya 3.0 ndi Hilux ya 2.8 yatsopanoko zonse pa pepala zimalembedwa kuti zimakoka 3,500 kg ngati tirela ili ndi mabuleki ake. Amenewo ndi matumba 70 a 50 kg, koma kumbukirani kuti tirelayo nayo ili m'kati mwa nambala yomweyo. Manje pali nambala ina imene ambiri saiyang'ana, ya kulemera kwa motoka, katundu wake, anthu ndi tirela zonse pamodzi, m'buku amailemba GCM. Pa Ranger ya 3.2 ndi 6,000 kg. Chotsanipo 3,500 ya tirela patsala 2,500, motokayo payokha double cab imalemera cha m'ma 2,200, ndiye chotsala ndi 300 kg chabe, inuyo, amayi, anyamata awiri okatsitsa katundu, basi kwatha, kumbuyo kulibe olo thumba limodzi. Ndipo ine sindinaonepo mlimi wopita ku famu kumbuyo kwa vaneti kuli pululu. Ndiye 3,500 ija ndi ya pa tala yosalala, motoka ilibe kanthu. Pa msewu wa dothi ine ndimati tirela isalemere kuposa motoka imene ikuikoka, tinene matani awiri kufika awiri ndi theka. Ngati tirela yanu yopanda kanthu ili cha m'ma 700 kg ndipo mwaikamo matumba 30, muli pa 2,200 kg, apo zili bwino. Thanki ya madzi samalani nayo, malita 1,000 ndi tani imodzi yathunthu, ndipo ikakhala yosadzaza madzi amakhavukira uku ndi uku n'kumakankha motoka pa kona.

Tirela yopanda mabuleki malire ake ndi 750 kg, olo muikoke ndi motoka yamphamvu bwanji. Matirela ambiri owotcheredwa m'makomboni mwathu ndi olimba ndithu koma alibe mabuleki, ndipo apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa kuposa mtundu wa injini. Kukoka si vuto, dizilo iliyonse ya turbo ikoka. Kuimitsa ndiye nkhani. Mukamatsika Manenekela kupita ku Luangwa Bridge muli ndi matani awiri kumbuyo opanda mabuleki, mabuleki a motoka amatentha mpaka phazi limalowa pansi koma motoka ikupitabe. Laisensi nayonso ionetsetseni, ya B imathera pa tirela ya 750 kg, yolemera kuposa apo imafuna BE ku RTSA, ndipo tsiku la ngozi a inshuwalansi amayang'ana zimenezo.

Chifukwa chake ndaika Isuzu patsogolo ndi injini yake. Ya 3.0 imene ili mu KB 300, yomwe kuyambira 2018 inayamba kutchedwa D-Max kuno kummwera, ndi 4JJ1, ndipo ndi banja lomwelo la injini imene Isuzu amaika m'malole awo ang'onoang'ono. Pa pepala siwopsa ayi, mphamvu yake ndi 130 kW, yokokera ndi 380 Nm, yochepa kuyerekeza ndi Ranger. Koma ndi injini yaikulu imene saifinya maningi, imakoka kuyambira pansi, ilibe lamba wa timing woti muzimuwerengera makilomita, ndipo imapirira kugwira ntchito yolemera tsiku ndi tsiku. Imachita phokoso, m'kati mwake mulibe zokongola zambiri, ikakhala yopanda katundu imadumpha pa mabampu. Zonsezo n'zoona. Koma pa msika wa second hand mtengo wake umakhala pansi pa Hilux ya chaka chomwecho, ndipo ndalama yotsalayo ndi imene mungaikire mabuleki pa tirela ndi kugula matayala abwino. D-Max yatsopano ili ndi 4JJ3 ya 140 kW ndi 450 Nm, imeneyo ndiye yabwino kwambiri ngati mungaifikire. Isuzu ya 250, ndiye kuti ya 2.5, ndi ya 1.9 zisiyeni pa ntchito yanuyi, ndi zabwino pa mafuta koma tirela ya matani awiri pa chikweza idzazitopetsa.

Hilux mphamvu yake yaikulu ili kunja kwa motokayo. Ikakufelani ku Nyimba, ku Kacholola kapena ku Petauke, mudzapeza munthu woidziwa ndipo sipeya mudzaipeza, mwina tsiku lomwelo, mwina ibwera pa basi mawa lake kuchokera ku Lusaka. Pa motoka yopita kutchire chimenechi ndi chinthu chachikulu kwambiri. Tsiku lofuna kuigulitsa simuvutikanso. Koma Hilux zilipo zambiri ndipo si zonse zokokera. Vigo yakale ija ya 2005 mpaka 2015, ya 3.0 D-4D, ili ndi 120 kW ndi 343 Nm, ndi motoka yolimba koma pepala lake silifika pa 3,500, lamba wa timing amafuna kusintha pa 150,000 km, ndipo ma injector ake, topopera mafuta mu injini, amafuna kuwayang'anira, ikayamba kugogoda m'mawa kapena kutulutsa utsi woyera musaizengereze. Ya 2.5 ndiye ayi, ndi ya katundu wa kumbuyo chabe. Zatsopano za GD-6 zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Ya 2.4 ili ndi 110 kW ndi 400 Nm ndipo matani awiri imakoka ndithu ngati simuli pa changu. Ya 2.8 inayamba ndi 130 kW, kenako mu 2020 anaikweza kufika 150 kW ndi 500 Nm pa automatic, imeneyo pa kukoka ilibe chodandaulitsa. Vuto lake ndi mtengo, kaili aliyense akuifuna, ndiye pa ndalama imene mungagule D-Max ya makilomita ochepa mupeza Hilux yotopa imene inagwira ntchito ku migodi. Akuba nawonso amaikonda, tracker ikhale m'bajeti.

Ranger ndiinena mwachilungamo chifukwa anthu amainyoza mopitirira. Pa kukoka kwenikweni, mukakhala pa chiwongolero, ya 3.2 ya ma cylinder 5 ndi yokoma kuposa zinzake za nthawi yake. Ili ndi 147 kW ndi 470 Nm, ndi yolemera, ndi yotambalala, tirela siiyendetsa, ndipo inalembedwa kuti imadutsa madzi ozama mpaka 800 mm. Munthu wokoka boti kupita ku Siavonga kapena ku Chirundu pa tala amasangalala nayo. Koma ndi motoka yofuna makanika woidziwa ndi kompyuta yoiwerengera. Chitsanzo chimodzi chodziwika kwa aliyense wokonza ma Ranger, pa 2.2 ndi 3.2 posintha oilo simuyenera kuisiya ikukha nthawi yaitali, pakadutsa mphindi 10 pampu ya oilo ikhoza kulephera kukokanso, ndipo mukailiza choncho injini imatha. Mnyamata wa pansi pa mtengo amene anazolowera kumasula nati n'kupita kukadya nsima akhoza kukuphelani injini asakudziwa. Ya 2.0 bi-turbo imene inabwera mu 2019 ndi giyabokosi ya magiya 10 ili ndi mphamvu, 157 kW ndi 500 Nm, koma lamba wake wa timing amayenda m'kati mwa oilo, ndiye oilo wolakwika kapena kudumphitsa sevisi kumamudya msanga. Ngati muli ndi galaji yodalirika mu Lusaka muno ndipo sevisi simuidumpha, Ranger itengeni, simudzadandaula pa chikweza. Ngati motoka izikhala masabata ku famu n'kumakonzedwa ndi amene wapezeka, ine sindingakulimbikitseni.

Anzanu a Land Cruiser sakunama, koma akuyankha funso lina. Land Cruiser 79 ndi mfumu ya kutchire, ili ndi ma axle olimba kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye chifukwa chake mumaiona ndi anthu a ku Luangwa, a ku Kafue ndi a ku migodi. Ya 4.2, injini ya 1HZ, ilibe turbo ndipo ilibe kompyuta yoyendetsa mafuta, dizilo wokayikitsa imamupirira kuposa zinzake zonse. Koma ili ndi 96 kW ndi 285 Nm chabe, ndipo Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300, kumene injini yopanda turbo imataya mphamvu ina chifukwa mpweya ndi wopepuka. Imangireni matani awiri muone mmene muzikwerera mapiri a ku Rufunsa, giya 2, malole akukupemphani njira. Ya V8 ya 4.5 ili ndi 151 kW ndi 430 Nm, imakoka bwino, koma mtengo wogulira ndi mafuta ake ndi nkhani ina, ndipo ulendo wanu wambiri ndi wa pa tala, kutchire ndi kumapeto chabe. Mukanati famu ili m'chigwa ndipo mumalowako Januwale ndi Febuluwale dothi lakuda lija litafewa, ndikanati Cruiser basi osayang'ananso kwina.

Ma Ram a injini ya Cummins ndi ma F-250 amene mwana wanu akukuonetsani amakokadi zinthu zoopsa, koma anapangidwira misewu ya ku America. Ambiri chiwongolero chili kumanzere, ndiye kupitirira lole pa Great East muli ndi tirela ndi kuika moyo pachiswe, m'tinjira ta ku famu sakwanamo, ndipo sipeya iliyonse muziiyembekeza pa ndege.

Pali ina imene simunaitchule, Mitsubishi Triton, ena amaidziwa kuti L200. Inalembedwa 3,100 kg, yocheperako, koma zambiri zili ndi Super Select, imene imakulolani kuyenda pa 4x4 olo pa tala. Ichi n'chofunika kuchimvetsa. Hilux, D-Max ndi ma Ranger ambiri 4x4 yake ndi ya pa dothi pokha, mukaiika pa tala youma matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana mpaka transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imaonongeka. Ndiye mvula ikamagwa pa tala muli ndi tirela, motoka zimenezi zikukoka ndi matayala awiri akumbuyo chabe, pamene Triton ikukoka ndi onse anayi. Masipeya ake sapezeka paliponse ngati a Toyota, koma mukaipeza yosamalidwa musaidelere. Navara ya D23 ili ndi masipuling'i a coil kumbuyo pa double cab, pa mabampu ndi yofewa bwino koma ikalemedwa ndi tirela imakhala pansi kumbuyo.

Manje za dambo lanulo. Kunena zoona pamenepo dzina la motoka limathandiza pang'ono kwambiri. Chofunika ndi low range, magiya apansi aja okoka mwamphamvu pang'onopang'ono, diff lock ya kumbuyo imene imamanga matayala awiri kuti azizungulira pamodzi, ndi matayala. Diff lock muifunse ndipo muiyese nokha musanalipire, chifukwa motoka za mtundu umodzi zimasiyana malinga ndi kumene zinachokera, zopangidwa ku South Africa zambiri zili nayo, kaya ndi Hilux ya ku Durban, Ranger ya ku Silverton kapena Isuzu ya ku Gqeberha, koma zina zochokera ku Thailand ndi ku UK zilibe. Samalaninso ndi zokwera zija zooneka ngati 4x4 koma zili 4x2, zilipo zambiri m'mayadi ogulitsa motoka mu Lusaka ndipo pa tirela m'matope zilibe ntchito. Matayala akhale a all terrain pa ma rim a 16 kapena 17, osati ma 20 onyezimira aja, kuti mukafika pa zofewa muzitha kuchotsako mpweya tayala likhale lotambalala, ndiye kapampu ka magetsi kazikhala m'motoka. Ndipo tirela m'matope ili ngati khasu la ng'ombe lolowa pansi, matayala ake sakoka, amangokumba. Dambo likafewa tsitsani theka la katundu mupite kawiri, kapena feteleza mulowetse Okutobala mvula isanayambe. Mukatitimira musakokere pa mpira wa towbar, mpirawo ukaduka umauluka ngati chipolopolo ndipo wapha kale anthu m'maiko ambiri, gwiritsani ntchito malo okokera amene ali pa chasisi. Mukadutsa m'madzi ozama onetsani oilo wa ma diff, akasanduka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa.

Automatic kapena manual, ambiri a msinkhu wathu amati manual basi. Pa kukoka ine ndili ku automatic ya magiya 6, chifukwa kunyamuka pa chikweza ndi matani awiri, kapena kubweza tirela chambuyo pa geti, ndi kumene kumapsereza klatchi, ndipo klatchi ya motoka zatsopanozi pamodzi ndi flywheel yake si yotchipa. Mdani wa automatic ndi kutentha. Oilo wake muzisintha olo wina akuuzeni kuti ndi wa moyo wonse, pa mapiri muziisankhira giya nokha isamangosinthasintha, ndipo ngati mukoka kawirikawiri ikitsani cooler yoonjezera. Mukakonda manual palibe cholakwika, koma pa dothi ponyamuka ndi katundu ikani low range m'malo mosewera ndi klatchi. Potsika phiri lamulo ndi limodzi pa zonse ziwiri, giya imene munakwerera ndi imene mutsikire.

Nkhani ya dizilo ndiikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi imene imapha motoka zimenezi kuposa tirela. Injini zonse ndatchulazi kupatula 1HZ ndi za common rail, mafuta amapopedwa pa mphamvu yopitirira 1,500 bar kudutsa m'timabowo tating'ono kwambiri, ndiye kadontho ka madzi kapena fumbi kamaononga ma injector ndi pampu, ndipo bilu yake imafika poti munthu amaimika motoka chaka chonse. Dizilo wa pa filling station masiku ano ndi wabwinoko, paipi ya TAZAMA kuyambira 2023 imabweretsa dizilo wa sulphur wochepa wotha kale kuyengedwa. Vuto lili pa wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, wotsitsidwa m'malole, wina wosakaniza ndi parafini, komanso pa madiramu athu omwe a ku famu amene amakhala padzuwa n'kumachita thukuta m'kati. Ikitsani fyuluta yachiwiri yokhala ndi kabotolo kolekanitsa madzi, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi injector imodzi, ndipo fyuluta ya mafuta muzigula yeniyeni. Nyali ya madzi ikayaka pa dashboard imani pomwepo mukhetse, osati mukafika.

Pa chifukwa chomwecho chenjerani ndi zochokera ku UK. Mtengo umakopa ndipo m'kati zimaoneka zatsopano, koma zimabwera ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi, zatsopanoko ndi AdBlue yomwe, madzi a mankhwala oyeretsa utsi, ndipo DPF imafuna ulendo wautali wothamanga kuti idziyeretse, motoka yoyenda pang'onopang'ono pa famu imaitseka n'kukuikani pa limp mode, pamene kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini, muli ndi tirela pakati pa phiri. Kumeneko amathiranso mchere m'misewu nthawi yozizira, ndiye chasisi chimadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati. Pa motoka yokoka chasisi ndiye msana. Lowani pansi ndi tochi ndi kanyundo, gogodani makamaka pakati pa kabini ndi bodi ndi pamene pamangidwa towbar.

Mukapeza imene mwaikonda, ipiteni m'mawa injini isanalizidwe, muimve ikuyamba yozizira. Onani ngati towbar ndi ya fakitale yokhala ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kwake kapena ndi yongowotcherera, onani masipuling'i akumbuyo ngati anagona, fufuzani dothi lofiira louma m'makona a chasisi ndi pansi pa makapeti, limakuuzani kumene motoka inakhala. Buku la sevisi likhalepo, ndipo makanika wanu aike kompyuta awerenge ma injector, pa Hilux ndi Ranger makamaka. Makilomita a pa dashboard musawakhulupirire okha, yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mpando ndi mapedulo. Kenako pemphani mwini wake kuti mumangeko tirela yanu yodzaza, mutuluke nayo pa Great East kupitirira Chongwe mpaka mupeze chikweza chenicheni, diso lili pa geji ya kutentha. Poika katundu wolemera akhale pamwamba pa ma axle, patsogolo pang'ono, kuti pa mpira pazitsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa tirela, mukamuika kumbuyo tirela iyamba kugwedeza mchira pa liwiro la 80 ndipo mudzaida motoka yosalakwa. Wogulitsa akakana kuti muiyese ndi tirela, isiyeni mukaone ina.